Tambala amene ndinakana ku Lisbon

Ndinanyamuka ku Keko Lolemba m'mawa dzuwa litakwera, utuchi udakali m'makutu. Ine ndine mmisiri wa mipando, kuno ku Dar es Salaam amangonditcha Fundi Banda, ndipo kufikira tsiku limenelo ulendo wanga wautali unali wa basi yopita kwathu ku Dedza kudzera pa Songwe. Wa bajaji, kanjinga kamoto ka mateyala atatu, anandiuza kuti kukafika ku bwalo la ndege ndi mashilingi fifitini sauzande. Ndinamufunsa ngati akundiperekeza mpaka ku Ulaya komweko. Tinagwirizana teni sauzande, koma kuti tidzere kaye ku Buguruni kwa mlongo wanga, a Nabanda.

Ulendowu sunali wokaona malo, ngakhale malo ndinawaona mpaka mapazi kutupa. Mwana wa a Nabanda, Chisomo, ndi namwino ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal. Kumeneko anapezana ndi mnyamata wina dzina lake Tiago, ndipo awiriwo anatumiza tikiti kuti wachibale mmodzi apite akaonane ndi makolo a mnyamatayo. Kwathu nkhani ya ukwati mwini wake ndi malume, choncho wokwera ndege ndinali ine.

Ndinawapeza a Nabanda ataima pakhomo, atatseka kaye genge lawo, pamene amagulitsira tomato. Iwo anakwatiwa konkuno ndi dalaivala wa lole popanda ankhoswe, anangolowana. Bamboyo atapita ulendo wa ku Zambia osabwereranso, Chisomo ali kumsana, panalibe khomo loti a Nabanda akagogode n'kufunsa kuti munthu wanu uja ali kuti. Analera mwana okha ndi tomato yemweyo.

"Achimwene," anatero, "zimene ndinaona ine mwana wanga asazione. Kumeneko n'kutali. Musabwere chimanjamanja, mukabwere ndi tambala."

Kwa amene anakulira m'tauni, ndifotokoze. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti. Amene apatsana nkhukuzo ndiwo ankhoswe, ndipo banja likayamba kugwedezeka ndiwo amathamangirako, kaya kuli mvula. Nkhuku yamoyo salola m'ndege, ndiye ndinasema msoti ndi chidutswa cha mlombwa chotsala pa kabati, n'kuupaka vanishi mpaka unkawala. Ndinaukulunga m'chitenje cha a Nabanda n'kuuika m'chikwama chonyamula m'manja.

Pa bwalo la ndege chikwamacho chitadutsa m'makina, wachitetezo anandiimitsa n'kumasula chitenje.

"Mzee, kuku huyu wa nini?" anafunsa m'Chiswahili, kufuna kudziwa ntchito ya msotiwo.

Ndinamuyankha kuti ndi wa ukwati. Anagogoda msotiwo ndi chala, n'kunena kuti supu yake ichedwa kupsa, kenaka anandikulungira bwinobwino.

Ndege inanyamuka chakumadzulo, ndipo tinakasintha ina ku Dubai. Kumeneko ndinafunsa mtengo wa tiyi, n'kuupeza wofanana ndi wa chitini cha vanishi, ndiye ndinamwa madzi. Za m'ndege ndilibe zambiri. Mipando yake ndi yopanikiza, ndipo amene anaipanga sanayezepo mawondo a munthu.

Tinatera ku Lisbon Lachiwiri masana. Chisomo anathamanga n'kundikumbatira.

"Shikamoo, mjomba!" Kenaka anadzikonza. "Malume, mwayenda bwanji?"

Chichewa amamva chonse, koma polankhula chimamuthawa, amakwera Chiswahili pakati pa chiganizo monga munthu wosintha daladala, minibasi za kuno. Tiago anali wamtali, wandevu, waulemu. Bambo ake, a Armando, ndi munthu wamfupi wa chipewa chaching'ono, anapuma pa ntchito ya njanji. Mayi ake a Tiago anandipsompsona masaya onse awiri ndisanakonzeke, ndipo ndinangoima ngati mtengo. A Armando, kudzera mwa Chisomo amene ankamasulira, anandiuza kuti mlendo wawo sachoka asanaone mzinda wonse. Ndinakondwa. Mumtima ndinati awa ndi anthu odziwa zinthu, ayamba ndi kusangalatsa mlendo, nkhani ibwera pambuyo.

Ndinagona kwa Chisomo, m'kanyumba kosanja komwe amakhala ndi namwino mnzake. Ndinayang'ana kukhomo ngati pali nsapato za mwamuna, panalibe. Ndinatumizira a Nabanda uthenga kuti mpaka pano zili bwino.

Lachitatu m'mawa a Armando anatitenga ine ndi Chisomo. Tinagula tikiti ya tsiku lonse, pafupifupi mayuro seveni, imene umakwerera basi, sitima yapansi panthaka ndi kasitima koyenda mumsewu. Amene mudzapite, gulani imeneyo, chifukwa kulipira m'kasitimamo ulendo umodzi wokha ndi mayuro atatu ndi kanthu. Kasitimako n'kachikasu, kakale, kamakwera zitunda m'timisewu topapatiza moti utatulutsa dzanja ukhoza kutenga malaya amene mayi wina wayanika pawindo. Alendo anzanga ankajambula kunja, ine ndinkayang'ana mkati. Mafelemu a mawindo ndi a matabwa, olumikizidwa bwino, ndipo ngakhale kasitimako kamagwedezeka tsiku lonse sindinaone polekana. Kudzaza kwake n'chimodzimodzi daladala ya ku Kariakoo, kungoti palibe kondakitala wokuuza kuti usunthe.

Lisbon anamangidwa pa mapiri, ndipo misewu yake ya oyenda pansi ndi timiyala toyera ndi takuda toyalidwa ndi manja. N'tokongola koma n'toterera. Ine ndinavala nsapato zanga zakutchalitchi za chikopa pansi, ndipo ndinavina kawiri popanda ng'oma. Valani nsapato za labala.

Tinatsika n'kukwera wapansi mpaka pa linga lakale lomwe lili pamwamba pa phiri. Polowera a Armando analipira mayuro fifitini munthu mmodzi, ine n'kuyang'ana kumbali. Pamwambapo umaona mzinda wonse, madenga ofiira okhaokha, mtsinje wa Tejo wotakata ngati nyanja, ndi mlatho wautali wofiira. Pali mizinga yakale yoloza kumtsinje, ndi mbalame za pikoko zoyenda modzikuza pakati pa anthu. A Armando ananditengera pa benchi yapayokha pansi pa mtengo, anakhala pansi, anavula chipewa, n'kutsokomola. Ndinakonza jekete, ndinati nkhani ija yafika. Iwo anayamba kufotokoza za chivomerezi chimene chinagwetsa mzindawu kalekale, ndi mmene anaumangiranso. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, za ukwati sanatchule.

Kwathu akuchikazi sayambitsa nkhani. Ukayamba iwe, ndiye kuti mwana wako ukumutsatsa ngati tomato wotsala madzulo. Choncho ndinakhala chete, ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinatsikira ku Alfama, dera lakale kwambiri la mzindawu. Ndi timakwalala tokhotakhota, masitepe osatha, nyumba zomatidwa matailosi abuluu kunja komwe. Ife matailosi timaika m'bafa, iwo amaveka nyumba yonse. Tinadya m'kanyumba kena nsomba zowotcha pamakala zotchedwa sadinya, zokulirapo kuposa utaka, ndi mbatata ya kachewere yowiritsa. Zinali zokoma, koma m'mimba munatsala malo. Kenaka tinafika pa bwalo lalikulu la m'mphepete mwa mtsinje, lozunguliridwa ndi nyumba zachikasu, pakati pali fano la mfumu itakwera hatchi, ndipo kumtunda kuli chipata chachikulu chamiyala cholowera mumsewu wa mashopu.

Mumsewu umenewo ndi momwe zinthu zinasokonekera. Kuyambira m'mawa ndinali nditaona kuti shopu iliyonse ili ndi atambala a dothi, akuda, opakidwa maluwa ofiira ndi madontho oyera. Ena aakulu ngati tambala weniweni, ena ang'onoang'ono ngati chala. Ndinaima pa shopu ina kuyang'ana mmodzi, ndikuganiza za msoti wanga. A Armando anaona, analowa, anagula wamkulu bwino, n'kubwera naye akumwetulira kudzandipatsa pakati pa msewu.

Tambala wochokera kuchimuna salandiridwa pamsewu, popanda kukhala pansi, popanda kudziwa nkhoswe ndani. Ndikanamulandira ndiye kuti ndapereka mwana wa mlongo wanga pakhomo pa shopu, pakati pa anthu onyambita ayisikilimu. Ndiponso wopereka sakhala bambo wa mnyamata. Ndinabweza manja kumbuyo.

"Uwauze kuti sindingalandire," ndinatero kwa Chisomo. "Nthawi yake sinakwane."

"Malume, ni zawadi tu! Ndi mphatso, landirani."

"Ndati sindingalandire."

Sindikudziwa zimene Chisomo anamasulira, koma nkhope ya a Armando inagwa. Anaima kanthawi atanyamula tambalayo, kenaka anamubwezera m'pepala n'kumupanira m'khwapa. Tinayenda mpaka pokwerera sitima. Kunyumba Chisomo anandiikira chakudya patebulo n'kunena kuti, "Malume, mwandichititsa manyazi," ndipo analowa kuchipinda. Zinandipweteka, koma nkhani ya ukwati sukambirana ndi mwana amene akukwatiwayo, ndiye sindinamuyankhe.

Lachinayi a Armando anabwerabe, pa nthawi yake monga munthu wa njanji. Chisomo anali ku ntchito, ndiye anabwera ndi Tiago, amene Chingelezi chake ndi changa zimakumana pakati. Tinapita ku Belém, kumunsi kwa mtsinje. Kumeneko pitani m'mamawa, chifukwa mizere ya alendo imatalika ngati ya pa pantoni yowolotsa anthu ku Kigamboni. Tinalowa m'nyumba yakale ya ansembe, yamiyala yoyera. Ine ndimasema matabwa, ndimadziwa kuvuta kwake, koma anthu amenewo anasema mwala kukhala zingwe za ngalawa, masamba ndi mfundo, nsanamira iliyonse yosiyana ndi inzake. Ndinagwira ndi dzanja, ndinavula chipewa. Pafupi pomwepo pali nsanja yaing'ono yoima m'madzi, imene kale inkalondera polowera zombo, ndi chipilala chachitali chooneka ngati kutsogolo kwa ngalawa, anthu amiyala atandandalika kuyang'ana kunyanja.

Pansi pa chipilalacho anajambula mapu a dziko lonse ndi miyala. Ndinafuna Africa, n'kukaima ndi mapazi onse awiri pa gombe lathu. Tiago anandiuza kuti zombo zochokera pamalo amenewa zinafika mpaka kumeneko. Ndinamuuza kuti tikudziwa, ndipo si zonse zimene zinasiya mbiri yabwino. Anavomera ndi mutu osatsutsa, ndipo mnyamatayo ndinamukonda kuyambira pamenepo.

Tinadya timakeke tawo totchuka ta dzira ndi mkaka, totentha, kunja kokhuthuka, kamodzi yuro imodzi ndi theka. Ndinadya titatu. A Armando ankandisonyeza chilichonse mwaulemu, koma osamwetulira ngati dzulo lake. Za ukwati, zii. Ndinayamba kuganiza kuti mwina banja limeneli silikufuna mwana wathu, likungondiyendetsa kuti masiku athe. Mlendo ndi mame, ndege yanga inali ya Lolemba.

Lachisanu ndinapempha kuti ndiyende ndekha. Ndinakwera pantoni yowoloka mtsinje, mtengo wake wosafika mayuro awiri, ulendo waufupi. Ukafuna kuona Lisbon bwino muone uli pamadzi, mapiri onse ndi linga lija amaoneka pamodzi. Ndili pakati pa mtsinje a Nabanda anaimba foni.

"Achimwene, anena chiyani?"

"Sananene kanthu. Tikungoona nyumba zakale."

"Nyumba zakale? Ku Dedza kulibe nyumba zakale?" Kenaka anati, "Kapena akumuyesa mwana wopanda abale." Ndinawauza kuti ndiwaimbiranso.

Nditadula foni, bambo wina wa ovolosi yodzaza penti amene anakhala pafupi nane anandiyang'ana n'kunena kuti, "Muli bwanji, achimwene? Kwanu n'kuti?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa foni m'madzi. Anali wa ku Angonia, ku Mozambique, kungowoloka msewu kuchokera kwathu. Anakhala ku Lisbon zaka zambiri akupenta nyumba. Titatsika anandigulira khofi wa m'kakapu kakang'ono kowawa ngati mankhwala a malungo, ndipo ndinamufotokozera zonse. Atamva za tambala anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Achimwene, tambala uja kuno ndi chizindikiro cha dziko. Amapatsa aliyense, ngakhale mlendo wodzaonera mpira. Mkuluyo sadziwa kanthu za chinkhoswe. Kuno ana akagwirizana okha, nkhani yatha. Iye akuona ngati mwakana banja lake."

"Ndiye akudikira chiyani osayambitsa nkhani?"

"Sakudikira kanthu. Kwa iye nkhani inatha kale, kwatsala phwando. Inu mukudikira munthu amene sadziwa kuti akudikiridwa. Safunsa anadya phula."

"Koma akuchikazi sayamba."

"Ndiye mukwera ndege ndi msoti wanu," anatero, n'kumaliza khofi wake.

Ndinabwerera pa pantoni yomweyo ndikulimbana ndi mtima. Malume anga amene anandiphunzitsa za chinkhoswe akanamva kuti ndayambitsa nkhani ine, akanandiseka. Koma a Nabanda sanandituma kukasunga ulemu wanga, anandituma kuti mwana wawo akhale ndi kolirira.

Madzulo amenewo ndinaitana Chisomo ndi Tiago, n'kumasula chitenje patebulo. Chisomo anazindikira chitenje cha mayi ake asanaone n'komwe msotiwo. Iye chinkhoswe anangochionera pa foni, kuvina ndi kufupa ndalama, za nkhuku sankadziwa tanthauzo lake. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, iye akumasulira. Nditafika pa mayi ake, kuti bambo ake atachoka panalibe munthu ngakhale mmodzi wofunsidwa mlandu, anasiya kumasulira. Anagwira msotiwo n'kuyamba kulira. Tiago anadikira mpaka atatonthola kuti amve zotsalazo.

"Ndiye bambo anga akhoza kukhala nkhoswe?" anafunsa Tiago.

Ndinamuuza kuti ayi. Bambo amaikira kumbuyo mwana wake, ndiponso pali zina za m'nyumba zimene munthu sungauze bambo ako. Pafunika mlongo wa mayi ake. Tiago anakanda ndevu n'kunena kuti alipo mmodzi, a Zé, oyendetsa takisi m'tauni ina ya kumwera kwa mtsinje, koma ndi munthu wovuta, sapita ngakhale kumaukwati. Ndinamuuza kuti nkhoswe yabwino imakhala yovuta.

Loweruka sindinaone malo alionse. Ndinasita jekete, ndinapukuta msoti, n'kumadikira. Chakumadzulo Tiago anaimba kuti a Zé avomera kubwera kudzadya, koma sanalonjeze china chilichonse.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi tinapita kwa a Armando. Mayi a Tiago anaphika nsomba yawo youma ya mchere, imene amainyika m'madzi kaye, n'kuisakaniza ndi mazira ndi mbatata. A Zé anali munthu wonenepa, wa nsidze zambiri, wosamwetulira. Titatha kudya ndinapempha kuti mbale zichoke, ine ndikhale mbali ino, iwo mbali iyo. Ndinayamba ndi kupepesa a Armando chifukwa cha Lachitatu lija, ndi kuwauza chimene tambala amatanthauza kwathu. Anagwira pamutu ndi manja onse awiri, n'kulankhula mawu ambiri mofulumira. Chisomo anati akunena kuti masiku onsewa sanagone, ankaganiza kuti ndaona cholakwika mwa mwana wawo.

A Zé anamvetsera osaphethira, kenaka anayamba mafunso.

"Ndiye awiriwa akayambana, aimbira ine?"

"Inu ndi ine," ndinayankha.

"Inu muli ku Africa."

"Foni ilipo. Koma wofika pakhomo msanga ndinu."

"Nanga wolakwa akakhala Tiago?"

"Mumukalipira inu, ine ndikhala chete. Akalakwa Chisomo ndimukalipira ine, inu mukhala chete."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mmodzi wa ife atamwalira, ndipo pamenepo abale amasankha wina."

A Zé anayang'ana pawindo. Ndinaona kuti akana, ndipo ndinayamba kuganiza zimene ndikanene ku Buguruni. Kenaka analankhula motsitsa, ndipo Chisomo anamasulira motsitsanso. Anati banja lawo linatha zaka zapitazo mu ofesi ya maloya, pa nkhani imene anthu awiri akuluakulu akanaithetsa ndi khofi, koma panalibe amene anabwera, aliyense ankati si zake. Anatembenukira kwa a Armando n'kufunsa kuti tambala uja ali kuti.

Anali pamwamba pa kabati, adakali m'pepala lake la ku shopu. A Zé anamutulutsa, anaimirira, anakonza lamba. Chisomo anawanong'oneza kuti apereke ndi manja awiri. Ananena m'chinenero chawo kuti banja lawo likupempha Chisomo, ndipo iwo ndi amene adzayankhe za Tiago. Ndinalandira tambalayo ndi manja awiri, n'kuwapatsa msoti wa mlombwa. Ndinawauza kuti msotiwu tawapatsa wamoyo ndi wopanda chilema, ausamale, ndipo ukadzawalemera asadzautaye kutchire, adzatibwezere ife eni ake. Chisomo anamasulira mawu amenewo akulira, mayi a Tiago nawonso akulira, ndipo mayiwo anandipsompsonanso masaya onse awiri. Ulendo uno ndinali wokonzeka.

Potuluka Chisomo anagwada pakhomo, pamaso pa azungu onsewo, n'kunena Chichewa chosasakaniza: "Zikomo malume, mwandiveka."

Lolemba a Zé ndi amene anandiperekeza ku bwalo la ndege pa takisi yawo, ndipo anakana ndalama. Tinalibe chinenero chofanana. Tinapatsana manambala, iwo analoza foni yawo, analoza khutu lawo, ine n'kuvomera ndi mutu. Tambala ndinamukulunga m'chitenje chomwe chija, ndipo ulendo wonse ndinamufungatira pamiyendo, chifukwa dothi si mlombwa.

Anthu ku Keko amandifunsa kuti ku Lisbon kuli chiyani choti munthu akaone. Ndimawauza kuti akakwere kasitima kachikasu, akakwere pa linga, akaone miyala yosemedwa ya ku Belém, akadye timakeke ta dzira tikadali totentha, ndipo akawoloke mtsinje pa pantoni. Ndimawauzanso kuti kwa eni ukakhala chete kudikira mwambo wako, iwo amayesa wakwiya, iwe n'kumayesa akukunyoza, pamene nonse mukufunirana zabwino. Ine ndinatsala pang'ono kubwerera ndi msoti wanga chifukwa cha zimenezo.

Ndinatera ku Dar es Salaam Lachiwiri masana, kutentha kukundilandira pakhomo pa ndege. Sindinapite ku Keko, ndinauza wa bajaji kuti Buguruni, ndipo sindinatsutse mtengo. A Nabanda anali pa genge lawo. Atandiona anasiya kasitomala ali ndi tomato m'manja, osandipatsa n'komwe moni, maso ali pa chitenje. Anamasula okha mfundo. Anayang'ana tambala wakuda uja ndi maluwa ake ofiira, anamutembenuza uku ndi uku.

"Ameneyu ndi wa ndani?" anafunsa.

"Wa a Zé, amalume ake a mnyamata. Nambala yawo ndili nayo."

"Ndipo akaimbiridwa adzapita?"

"Adzapita. Ali ndi galimoto."

Anakhala pansi pa kreti ya tomato, tambala ali pachifuwa, misozi ikutsika osaipukuta. Kasitomala uja anafunsa ngati kwagwa zovuta. A Nabanda anapukusa mutu.

"Ayi," anatero. "Mwana wanga wapeza khomo logogoda."